Katundu wobwezedwa atawonongeka: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito pa kauntala ya sitolo

Sitolo iliyonse ili ndi kona imene eni ake safuna kuti alendo aione. M'pamene pamaunjikana maketulo osawiritsa madzi, mapaketi a shuga obooka, zitini zotupa ndi nsapato zomatuka zimene makasitomala abweza. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa anyamata ndi atsikana ongoyamba ntchito pa kauntala yolandirira madandaulo, komanso eni magolosale amene ntchito yonseyi amaigwira okha. Mayankho akutsata malamulo a dziko la Malawi. Sitolo yanu ikhoza kukhala ndi ndondomeko yakeyake, ndipo muziitsata, koma ndondomeko ya sitolo siposa lamulo la dziko.

Kasitomala wafika ndi katundu wowonongeka. Ndiyambire pati?

Yambani ndi moni, ndipo musiyeni afotokoze mpaka amalize. Munthu amene walipira minibasi kuchokera ku Area 25 kapena ku Bangwe atanyamula simbi yosatentha amafika atapsa kale mtima. Mukati, "Pepani amayi, tiyeni tione limodzi," mtima uja umayamba kutsika.

Funsani kuti anagula liti, chavuta n'chiyani, ndipo vutolo analiona liti. Tsegulani katoni iwo akuona. Ngati ndi chipangizo chamagetsi, onani ngati nambala imene ili pansi kapena kumbuyo kwake ikufanana ndi ya pa katoni ndi ya pa lisiti, kenako chiyeseni pa soketi ya pa kauntala pomwepo. Musalowe nacho kuseri nokha. Mukatuluka nacho mukunena kuti chili ndi mng'alu, mwini wake adzati mwachiswa ndinu kapena mwasinthanitsa ndi china, ndipo mudzasowa mboni. Koma chimene chikununkha kupsa, chimene waya wake wasupuka kapena batire lake latupa, musachiyese n'komwe.

Musalonjeze zimene zili kunja kwa mphamvu zanu. Ngati wovomereza kubweza ndalama ndi supavayiza, itanani supavayizayo nthawi yomweyo, kasitomala ali pomwepo. Mawu akuti "mubwere mawa" opanda kapepala kolembedwa ndi amene amabala milandu yambiri.

Pakhoma pathu pali chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Kodi sichititeteza?

Pa katundu amene ali ndi chilema, ayi. Lamulo la Competition and Fair Trading Act, limene linakhazikitsidwa mu 1998 n'kulowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, limaletsa wamalonda kuzemba udindo wake pa katundu wachilema amene wagulitsa. Palinso lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la mu 2003. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC, lakhala likudzudzula masitolo chifukwa cha mawu oterewa, kaya ali pakhoma kaya asindikizidwa pansi pa lisiti. Lamulo la mu 2024 linapatsa bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa chowerengedwa potengera ndalama zimene bizinesi imapeza pa chaka, choncho chikwangwani chimene bwana akuchiona ngati chishango chikhoza kumudyera ndalama zambiri kuposa mtengo wa ketulo imene akukana kubweza.

Pali kusiyana kumene muyenera kukumvetsa. Munthu amene wagula diresi yabwinobwino, n'kukafika kunyumba n'kuona kuti mtundu wake sukumusangalatsa, kumulandira kapena kumukana zimatengera ndondomeko ya sitolo. Koma amene wagula wailesi yosalankhula, mkaka wowawasa usanafike tsiku lake, kapena mpando wothyoka mwendo pa tsiku loyamba, ali ndi ufulu wothandizidwa: kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama.

Nanga ngati alibe lisiti?

Lisiti ndi umboni wosavuta, koma si umboni wokhawo. Mapepala a makina osindikiza malisiti, amene bungwe la Malawi Revenue Authority linayamba kulamula masitolo kugwiritsa ntchito mu 2014, amafufutika ndi kutentha. Lisiti logona m'thumba la thalauza sabata ziwiri za mu Okutobala limasanduka pepala loyera. Funsani tsiku ndi nthawi imene anagula, mufufuze mu kompyuta. Uthenga wa Airtel Money kapena wa Mpamba, ngakhalenso kapepala ka makina a khadi la ku banki, kamasonyeza tsiku ndi ndalama zake. Ndipo pogulitsa chinthu chodula ngati firiji kapena TV, muziwauza ogula kuti ajambule lisiti pa foni asanatuluke.

Ngati palibe chilichonse chosonyeza kuti katunduyo anachokera kwa inu, apo nkhani ipite kwa manijala.

Ndingadziwe bwanji ngati wawononga yekha?

Nthawi zina zimaonekeratu. Foni yosweka galasi pakona, ketulo yopserera pansi chifukwa inayatsidwa mopanda madzi, nsapato zoperepeseka chidendene ndi kuyenda, sopo wotha theka. Pamenepo fotokozani mwaulemu zimene mukuona, mukuwalozera.

Chovuta ndi zipangizo zamagetsi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo akabwera mwamphamvu atazima amatha kupsereza TV, firiji kapena chaja. Zipangizo zina zimene anthu amatumiziridwa kuchokera ku America n'za mavoti 120 ndipo zimapsa zikangolumikizidwa, koma zimenezo si za sitolo yanu. Pa zanu, inu amene muli pa kauntala simungadziwe poyang'ana kunja ngati chapsa ndi magetsi kapena chinabwera ndi vuto kuchokera ku fakitale. Musaweruze. Landirani chipangizocho, lembani kapepala kosonyeza dzina lake, nambala yake, mmene chikuonekera (mikwingwirima yonse imene ilipo) ndi tsiku limene mwini wake adzamve yankho, chipite kwa amisiri a kampani imene inapereka waranti. Ndipo tsiku limene mwalembalo likafika, imbani foni ndinu, ngakhale yankho lisanabwere. Munthu amene firiji yake yatha mwezi kwa amisiri popanda womuuza kanthu amaganiza kuti yagulitsidwa.

Ndalandira katunduyo ndipo kasitomala wapita. Ndimuike kuti?

Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Katundu wobwezedwa asakhale pa kauntala, asalowe pansi pa tebulo, ndipo asaponyedwe mu tolole imene anzanu akugwiritsa ntchito podzaza mashelefu. Mphindi khumi zokha n'zokwanira kuti mnzanu wakhama, amene sakudziwa kanthu, atenge paketi ya mkaka wobwezedwa n'kukaiika mu firiji.

Mumateni chizindikiro nthawi yomweyo, chooneka patali, chofiira ngati n'kotheka, cholembedwa kuti "Osagulitsa". Lembani m'buku kapena mu kompyuta tsiku, dzina la katundu, kuchuluka kwake, nambala ya gulu limene anapangidwira limodzi ku fakitale, chimene chavuta, nambala ya lisiti, zimene kasitomala wapatsidwa, dzina lanu ndi la amene wavomereza. Kenako apite kumalo ake okhoma, amene makiyi ake amasunga munthu mmodzi kapena awiri. Kumeneko zakudya zikhale pazokha, sopo ndi mankhwala pazokha, zamagetsi pazokha. Botolo la mankhwala ochapira lodontha likagona pamwamba pa thumba la mpunga wa Kilombero limene linali longong'ambika pang'ono, mwataya zonse ziwiri.

Buku limeneli ena amaliona ngati chintchito chongotayitsa nthawi, makamaka pakutha kwa mwezi pamene mzere wafika pakhomo. Komatu ndi limene lidzakuyankhulireni pa tsiku lowerenga sitoko, akadzapeza kuti maketulo atatu akusowa. Ndi limenenso limaonetsa kuti vuto si la kasitomala mmodzi: anthu anayi akabweza zitini za gulu limodzi m'sabata imodzi, zitini zonse za gululo zichoke pa shelefu tsiku lomwelo, ndipo amene anakugulitsani auzidwe.

Pobweza ndalama, bwezani m'njira imene analipirira, ndipo pasayinidwe ndi anthu awiri kuphatikizapo kasitomalayo. Kubweza ndalama kwa makasitomala ongopeka ndi njira yodziwika yobera m'masitolo, ndipo siginecha yachiwiri imateteza inu amene simuba.

Chakudya chabwezedwa chosatsegula ndipo chikuoneka bwinobwino. Singachibwezere pa shelefu?

Cha mu firiji, ayi, ngakhale chitatuluka ola limodzi lokha lapitalo. Nkhuku yowumitsidwa imayenera kukhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, ndipo mkaka, yogati, chambiko ndi soseji zimayenera kukhala pa madigiri osapitirira 5. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga, tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Inu simukudziwa kumene nkhukuyo yayenda. Mwina yakhala pa miyendo ya munthu mu minibasi yodikira kudzaza pa depoti, dzuwa likuswa mtengo. Kuibwezera mu firiji sikupha tizilombo timene taswana kale, kumangotigoneka, ndipo wodzaigula mawa sangaone kanthu. Chizindikiro chimodzi cha nkhuku imene inasungunuka n'kuwumitsidwanso ndi madzi ofiirira amene aundana pakona pa pulasitiki. Mukachiona pa katundu wongofika kumene, musamulandire. Zomwezi zimagwiranso ntchito magetsi akazima usiku wonse jenereta osayaka: zimene zasungunuka zilembedwe m'buku lomwe lija.

Zouma nazo zili ndi zake. Thumba la ufa kapena la nyemba lobwezedwa chifukwa cha anankafumbwe lisayandikire matumba ena, chifukwa tizilomboto timasamuka. Mtedza, chiponde kapena ufa wachuku ndi woopsa kuposa mmene umaonekera. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo amapinimbiritsa ana. Kusankha mtedza wowola n'kugulitsa wotsalawo sikuchotsa vuto.

Mkaka wa makanda ndi phala la ana zikabwezedwa, zisabwerere pa shelefu ngakhale chidindo chake chili chosadula. Pa zimenezi palibe zokambirana.

Za masiku olembedwa pa paketi: "use by" ndi tsiku limene likadutsa chakudya chikhoza kudwalitsa, pamene "best before" amanena za kukoma ndi ubwino wake. Pa kauntala musavutike n'kusiyanitsa. Tsiku likadutsa, chichoke. Oyendera masitolo a ku Malawi Bureau of Standards, a CFTC ndi a zaumoyo a khonsolo akachipeza pa shelefu, amalanda.

Chitini changophwanyika pang'ono. Nachonso n'chotaya?

Onani pamene chaphwanyikira. Kubonyoka kwakung'ono pambali, kosalala, kutali ndi msoko, nthawi zambiri sikufika m'kati. Koma chikabonyoka pa msoko wa pamwamba, wa pansi kapena wa m'mbali, mpweya ndi tizilombo zikhoza kulowa pa kabowo kosaoneka ndi maso. Chitini chotupa, chodontha, chadzimbiri lolowerera, kapena chimene chivindikiro chake chimadumpha mukachidina, n'chotaya, ndipo wina asalawe kuti aone. M'zitini zotere mukhoza kukhala poizoni woyambitsa matenda a botulism, amene amafoola minofu mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo nthawi zina chakudyacho sichinunkha n'komwe.

Makampani amaopa msoko wa chitini pa chifukwa chomveka. Mu 2021 kampani ina yaikulu ya ku South Africa inaitanitsa zitini za ndiwo zamasamba pafupifupi 20 miliyoni kuti zibwezedwe chifukwa chakuti msoko wa m'mbali wa zitini zina sunawotcheredwe bwino.

Kodi palibe katundu amene tingagulitse motsitsa mtengo m'malo motaya?

Alipo wambiri, ndipo kumutaya kungakhale kusakaza. Firiji yobonyoka pachitseko koma yogwira ntchito, tebulo lokalika, malaya osowa batani, mbale zisanu zotsala pa seti ya zisanu ndi chimodzi, sopo amene katoni yake yanyowa koma iye ali bwino. Chofunika n'chakuti chilemacho chinenedwe poyera. Chilembedwe pa chikwangwani cha mtengo, chilembedwenso pa lisiti, ndipo wogula achione ndi maso ake asanalipire. Kugulitsa chinthu chobwezedwa kapena chokonzedwa ngati chatsopano ndi chinyengo, ndipo lamulo limaletsa.

Mtengo wotsika sungachotse ngozi. Simbi yogwira shoti, mbaula ya gasi yotulutsa mpweya, chakudya chodutsa masiku, mankhwala: izi zilibe mtengo woyenera. Ndipo bwana akakuuzani kuti mufufute tsiku pa paketi, mumate lina, kapena mukhuthulire mafuta ophikira a m'chigubu chobooka m'mabotolo opanda chizindikiro, dziwani kuti akukutumani kukapalamula mlandu ndi manja anu.

Mabatire, mankhwala ndi zina zoopsa tizisunga bwanji?

Batire la foni, la laputopu kapena la pawabanki likatupa limatha kuyaka lokha. Mu 2016 kampani ya Samsung inasiya kupanga foni ya Galaxy Note 7 n'kuitanitsa zonse chifukwa cha mabatire oyaka. Lotupa musaliboole, musalichaje, ndipo musaliponye m'katoni ya mapepala. Liikeni mu ndowa yachitsulo ya mchenga, pamthunzi, kutali ndi katundu wina. Mabatire a galimoto ndi a sola ali ndi asidi ndi mtovu. Akhale choimirira, pansi posadontheza, mpaka abwerere kwa amene anakugulitsani. Mababu ena osunga magetsi, opindikapindika aja, ali ndi mekyule m'kati, choncho asaswedwe. Silinda ya gasi yotulutsa mpweya ipite panja pomwepo, kutali ndi moto.

Mankhwala a anthu, ngakhale a mutu okha, akatuluka m'sitolo sagulitsidwanso, chifukwa simudziwa mmene asungidwira. Kataidwe kake kamayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mankhwala a mbewu ndi ophera tizilombo ali pansi pa Pesticides Control Board. Botolo lodontha ligwiridwe ndi magolovesi, liikidwe m'chidebe china chotseka, ndipo lisakhuthulidwe mu ngalande kapena m'chimbudzi. Chigubu chake chibooledwe. Chikatuluka chathunthu, mawa mudzachipeza chili ndi madzi akumwa kapena thobwa.

Tamva kuti kampani yaitanitsa katundu wake wina kuti abwezedwe. Titani?

Siyani kugulitsa ola lomwelo, musadikire kalata yachiwiri. Chotsani pa shelefu ndi mosungira katundu zonse za gulu limene latchulidwa, ndipo ngati makina a pa tilo amalola, tsekani nambala yake kuti isadutse. Ikani chidziwitso pakhomo m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kapena m'Chitumbuka ndi m'Chiyawo ngati ndi zimene makasitomala anu amayankhula. Obweza alandireni ngakhale alibe lisiti ndiponso ngakhale paketi ndi yotsegula, chifukwa chofunika n'chakuti chinthucho chichoke m'nyumba za anthu.

Ambiri tikukumbukira za mu Malichi 2018, pamene boma la South Africa linalengeza kuti matenda a listeriosis achokera mu poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane. Anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda. Maiko ena a kuno kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, analetsa nyamazo ndipo masitolo anazichotsa. Tizilombo ta listeria timaswana ngakhale mu firiji, n'chifukwa chake kuchotsa poloni kokha sikunali kokwanira: mafiriji ndi mipeni yodulira zinayenera kutsukidwa ndi mankhwala. Zidziwitso zotere zimachokera ku CFTC, ku Malawi Bureau of Standards, komanso ku bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Katundu woitanitsidwa musataye mwa inu nokha. Werengani, lembani, khomani, mudikire malangizo.

Kodi ndani amaluza pa katundu wotereyu?

Zimatengera kumene vuto linayambira. Chilema cha ku fakitale ndi cha kampani kapena holoselo imene inakugulitsani, ndipo imasinthitsa katunduyo kapena kulemba kalata yochotsera ndalamazo pa ngongole yanu. Obweretsa buledi ndi mkaka ambiri amasinthitsa pa ulendo wotsatira, malinga ndi mgwirizano wanu. Katundu wosweka panjira alembedwe pa pepala lolandirira katundu, dalaivala asayine galimoto isananyamuke. Ikangotuluka pageti, kudzatsimikiza kuti makatoni anafika onyowa kumavuta. Wosweka m'sitolo mwanu, wodyedwa ndi makoswe kapena wodutsa masiku chifukwa chosowa womuika kutsogolo, ameneyo ndi wa sitolo.

Ndalama zobwezedwa zidutse m'makina, ndipo lisiti loyamba limatidwe pamodzi ndi pepala lobwezera. Popanda zimenezi sitolo imalipira msonkho wa VAT pa malonda amene anafafanizidwa, ndipo wowerengera ndalama alibe chokaonetsa ku MRA kapena ku inshuwalansi.

Abwana akuti adzandidula malipiro chifukwa ndinalandira katundu wowonongeka. Kodi n'zololedwa?

Lamulo la Employment Act la mu 2000 limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa. Limalola kudula ndalama zolipirira katundu amene wantchito wawononga. Kulandira ketulo yachilema kuchokera kwa kasitomala motsata ndondomeko si kuwononga katundu. Ngati mwadulidwa popanda kumvedwa mbali yanu, pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, mutatenga pepala la malipiro ndi tsamba la m'buku lija ngati mungalijambule. Nkhani ikakanika kumeneko imapita ku khoti la Industrial Relations Court.

Kwa eni masitolo, ndikupempheni kuti muganize bwino musanachite zimenezi. Mtsikana amene akudziwa kuti paketi iliyonse yobwezedwa ichoka pa malipiro ake adzachita chimodzi mwa ziwiri: adzakana makasitomala amene ali ndi ufulu, kapena adzabwezera paketiyo pa shelefu mwakachetechete. Zonse ziwiri zidzakupwetekani inu.

Bwanji osangotipatsa ife antchito, kapena kukapereka kwa ana amasiye?

Funso limeneli limachokera pansi pa mtima, ndipo sindilipeputsa. Kuona makilogalamu a shuga akupita kudzala, inu mukudziwa mtengo wake ndiponso mukudziwa kuti kwanu tiyi akumwedwa wopanda shuga, n'zowawa. Mlonda amene amakweza matumbawo mu lole nayenso ali ndi ana.

Pali katundu amene angathe kuperekedwa, ndipo sitolo yanzeru imakonza njira yake: wabwinobwino amene wangowonongeka chikuto, zovala, mabuku, ziwiya, chakudya chouma chimene masiku ake atsala pang'ono koma sanadutse. Ameneyu agulitsidwe kwa antchito pa mtengo wolembedwa, ndi lisiti, kapena aperekedwe ndi kalata yosayinidwa ndi wopereka ndi wolandira. Chifukwa cha mapepalawa n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo m'sitolo. Pamene chilichonse chong'ambika chimapita kwaulere kwa amene wachipeza, mapaketi amayamba kung'ambika kwambiri, ndipo pamapeto pake okayikiridwa ndi onse, olakwa ndi osalakwa omwe.

Koma chimene sichiyenera kudyedwa ndi kasitomala sichiyenera kudyedwa ndi wina aliyense. Mwana wamasiye ali ndi mimba ngati ya mwana wanu, ndipo akadwala alibe womuthamangitsira kuchipatala usiku. Kutumiza yogati wodutsa masiku kumalo osamalira ana si chifundo.

Tsiku lotaya lafika. Timataya bwanji?

Taganizirani kumene lole ikupita. Ku mtaya wa Mzedi ku Blantyre ndi wa ku Area 38 ku Lilongwe kuli anthu amene moyo wawo umadalira zimene magalimoto amakhuthula, ena mwa iwo ana. Katoni ya soseji ikafika kumeneko yathunthu, yomata bwino, siigona. Ina idyedwa pomwepo, ina ipukutidwa n'kupezeka pa benchi mumsika, ikugulitsidwa motchipa kwa mayi amene sakudziwa kumene yachokera. Ndipo nthawi zina katundu safika n'komwe kumtaya, amatsitsidwa panjira. Sitolo imene yangoti "tataya" osatsatira, yagulitsa katunduyo kachiwiri kudzera pakhomo lakumbuyo.

N'chifukwa chake katundu wotayidwa awonongedwe moti asagwirenso ntchito. Mapaketi atsegulidwe, zam'kati zikhuthulidwe n'kusakanizidwa ndi dothi kapena laimu, zikuto zing'ambidwe, zitini ziphwanyidwe, zipangizo zamagetsi zoopsa zidulidwe waya. Pakhale anthu awiri, mmodzi wa iwo wosagwira ntchito mosungira katundu, awerenge molingana ndi buku, ajambule zithunzi, asayine. Katundu akachuluka, makamaka nyama, mkaka ndi zakudya zina, itanani a zaumoyo a khonsolo ya mzinda kapena ya boma kuti adzaone, akuuzeni kokwirira, ndipo akupatseni kalata yotsimikiza. Munthu wa sitolo akwere nawo lole mpaka kumtaya, aone dothi likukwiriridwa.

Musatenthe zinthu kuseri kwa sitolo. Mapulasitiki amatulutsa utsi woipa, zitini za mankhwala opopera ndi mabatire zimaphulika. Zinyalala zoopsa zili pansi pa lamulo la Environment Management Act la mu 2017 ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo zili ndi njira yake yosiyana ndi ya zinyalala wamba. Makatoni ouma, mabotolo ndi zitsulo zopanda ngozi, zimenezo apatseni otolera, amapezerapo ndalama.

Takana kubweza ndipo kasitomala sakukhutira. Timuuze chiyani?

Muuzeni chifukwa chake momveka, mulembereni ngati akufuna, ndipo mulole aonane ndi manijala. Akafunsa kokadandaula, musabise: kuli CFTC, kuli bungwe la Consumers Association of Malawi limene lakhala likuyankhulira ogula kuyambira mu 1994, ndipo za ubwino wa katundu ndi miyeso zimapita ku Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972. Katundu wake mubwezereni m'manja. Musamusunge ngati simukumuthandiza. Akayamba kutukwana kapena kuopseza, inu musabwezere, itanani wamkulu wanu.

Ine ndili ndi kagolosale kakang'ono kumudzi, ndilibe kompyuta kapena chipinda chokhoma. Zonsezi zikundikhudza?

Zikukukhudzani, ndipo mwina kuposa a m'tauni, chifukwa amene mumawagulitsa ndi achibale anu ndi anansi anu, ndipo chipatala chili kutali. Simufunika zambiri. Kope la sukulu likwanira kukhala buku lija. Katoni imodzi yolembedwa ndi inki yofiira, yoikidwa pamwamba pamene ana safikira, ikwanira kukhala chipinda chokhoma. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe akhale ndi malo awo, kutali ndi shuga ndi mchere.

Vuto lanu lalikulu limayambira kopikula. Mukapita ku holoselo ku Limbe, ku Malangalanga kapena paboma, werengani masiku pa katoni iliyonse musanalipire, ndipo katundu wotchipa modabwitsa mumufunse chifukwa chake, poti nthawi zambiri amakhala watsala sabata zochepa. Funsani, musanapereke ndalama, ngati amasinthitsa zowonongeka ndiponso pa masiku angati, ndipo lisiti lawo mulisunge m'kope lomwe lija. Pobwera pa njinga kapena pa matola, sopo ndi parafini zisakhale thumba limodzi ndi ufa. Mukafika, zakale zibwere kutsogolo, zatsopano zipite kumbuyo. Zimene holoselo yakana kusinthitsa ndipo n'zosadyeka, tsegulani, khuthulirani m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, mukwirire tsiku lomwelo mbuzi ndi ana asanazipeze.